Chuku cha ku Beira

Dorcas anatsika minibasi yomaliza pa Namitete mashopu atatseka kale. Anachedwa ku labu ku Lilongwe, kumene ankameretsa chuku cha m'nyanja yamchere m'timbale tagalasi, kufufuza ngati chingapereke mankhwala. Zikuni zowola zomwe ankapalapo chukucho anakazizula yekha m'matope a m'mbali mwa nyanja ku Beira. Ulendowo anachita kuupempha, chifukwa bambo ake, aGladson, anapita kumeneko kukagwira ntchito padoko iye ali kumsana, osabwerako. Anafunsa khomo ndi khomo, koma palibe anawadziwa.

Tsikuli kambale kamodzi kanali katamera chuku chofiirira, ndipo anakamata bwinobwino kuti akaonetse mayi ake, aHilda.

Atafika pamlatho wa kudambo, mphepo inangoti zii. Kenako fungo... mchere ndi matope. Kuno? Ku Namitete?

Mapazi kumbuyo. Tchapa... tchapa... ngati nsapato zodzaza madzi. Anafulumira. Mapaziwo nawonso.

"Mayi, yendani pang'onopang'ono, mungagwetse."

Anacheuka. Munthu wamtali, malaya akudontha madzi. Chilimwe chonsechi!

"Ndinu ndani?"

"Chikuni chija munazula madzi ataphwa... ndinali pomwepo. Munandiponda, koma simunandione." Munthuyo anayang'ana kambale kaja. "Chamera eti? Bola china chafikako kwathu."

Dorcas anabwerera m'mbuyo atakumbatira kambale.

"Mukawauze aHilda kuti sindinakwatire kwina."

Dorcas anaphethira. Pamlatho panalibe munthu!

Anathamanga mpaka kukagwera pakhomo. AHilda anamva zonse ali chiimire, tochi ili m'manja.

"Atero? Kuti sanakwatire?" Anakhala pansi mwapang'onopang'ono. "Ndi bambo ako, mwanawe. Anamwalira kalekale. Mnzawo anabwera kudzandiuza iwe uli sitandade wani. Bwato linagubuduzika pafupi ndi doko, thupi silinapezeke. Nthawi imeneyo unkakhalira kumsewu, basi iliyonse ikaima iwe n'kuthamangira. Ndinalephera kukuuza. Ndinangoti anapeza mkazi wina. Ndinkayesa kuti ukawakwiyira usiya kudikira."

Dorcas anaika kambale pansi. Anayang'ana njira yomwe anadzera, mdima uli bii.

"Amayi," anatero, "ndawafuna moyo wanga wonse. Lero aima pamaso panga, ine n'kuwafunsa kuti ndinu ndani."