Anawaperekeza Mpaka Pa Siteji

Amene sanakhaleko kunja amaganiza kuti anthu kuno amangodya nyama n'kumajambulitsa. Bodza lenileni. A Chikhothi amatsuka mapoto kuhotela masiku asanu ndi limodzi pa sabata, manja mpaka kutuwa. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kukhitchini, chifukwa chikhothi chawo savula, kutenthe kuzizire. Akazi awo amakolopa maofesi mbandakucha, mabwana asanafike kudzapondanso ndi matope.

Tsiku lawo lopuma ndi Lachitatu basi. Munthu wanzeru akanagona. Koma mayiwo ayi. Lachiwiri madzulo amakhala ali pafoni, kusaka basi yotchipa yopita kumidzi, kapena myuziyamu yolowa ulere m'tauni.

"Ine ndikaone khasu m'galasi? Khasu lomwe ndinalithawa kwathu?" amatero a Chikhothi, uku akuphika mazira a paulendo ndi kuthira tiyi m'fulasiki. Sanakanepo ngakhale kamodzi. Mayiwo amaseka tsiku lokhalo, ndiye munthu ungatani?

Lachitatu lina, nyengo yozizira, anapita kumudzi wina wakutali, ulendo wa maola awiri. Anazungulira, anaona tchalitchi, anaona ng'ombe zonenepa kuposa anthu. Kumapeto kwa mudziwo kunali nyumba yakale yamiyala, yomwe anaisandutsa yoonetsa alendo. Mlonda panalibe. Chikwangwani chinangoti lowani, potuluka mutseke.

A Chikhothi anaima pakhomo.

"Odi kuno!"

"Abambo inu, mukuodira ndani? Eni ake anamwalira agogo anu asanabadwe."

"Ndilowe m'nyumba ya munthu ngati mbuzi? Amenewo ndi makhalidwe a anthu akuno. Chaka chachinayi chino, woyandikana naye khomo sanandipatsepo moni."

M'katimo munali bedi lalifupi, mapoto akuda bii, ndi mipando iwiri pafupi ndi posonkhera moto. Phulusa panalibe, nkhuni panalibe. Koma munali mofunda, pamene kunja mphepo inkadula makutu. A Chikhothi anavula chipewa n'kuyang'ana mpando wa pakona.

"Muli bwanji eni khomo? Ife ndi alendo, tangoti tikuoneni. Mapoto anuwa ndani amakutsukirani? Muchotseni ntchito."

Mayiwo anaseka mpaka kutsamira khoma. Anadyera mazira awo momwemo, pabenchi ya alendo. Anamwa tiyi. Kufundako kunawanyenga. Poyang'ana foni, nthawi inali itatsala pang'ono kukwana faifi, ndipo basi yomaliza imadutsa hafu pasiti faifi. Kunja kunali kutada kale. Dzuwa la kuno nalo ndi laulesi, limaweruka anthu asanaweruke.

"Tapita ife, zikomo," anatero a Chikhothi pakhomo.

Mpando wa pakona unalira. Kulira kwake kwa mpando umene munthu wadzukapo.

Mayiwo anasiya kuseka.

"Ndi matabwa akale," anatero a Chikhothi. Anatseka chitseko. Anachikankhanso kuti aone ngati chatsekeka.

Njira ya ku siteji inkadutsa pakati pa minda. Magetsi kunalibe. Nsapato zinkalira pamiyala. Za bambo. Za mayi. Kenako zina.

Khwee, gu. Khwee, gu.

Ngati munthu wokoka mwendo umodzi, ndodo ili m'manja.

Anaima. Nazonso zinaima.

A Chikhothi anaunika ndi tochi ya foni. Mpanda wa waya. Udzu wonyowa. Nkhungu. Munthu ayi.

Anayambanso kuyenda. Khwee, gu.

"Musatembenukenso," mayiwo ananong'ona, zikhadabo zili m'mkono wa amuna awo. "Tiyeni tithamange."

"Ndi bondo ili? Thamangani nokha, mukandiuze za maliro anga mawa."

Anafulumirabe. Zam'mbuyozo zinafulumiranso, koma movutika. Tsopano kunkamveka kupuma. Kupuma kwa munthu wamkulu amene akudzikakamiza pa chitunda. Sikunayandikire. Sikunatsalirenso.

Anafika pa siteji basi ikutulukira pakona. Munalibe wokwera wina aliyense. Analowa, anaonetsa matikiti. Koma dalaivala sanatseke chitseko. Anayang'ana kumbuyo kwawo, mumdimamo, n'kugwedeza mutu mwaulemu. Kenako anadina batani. Basi inapuma, fuuu, n'kutsika mbali ya khomo, monga imachitira akamakwera nkhalamba.

"Mayo ine," mayiwo anatero. "Akukwera. Abambo, akakwera tikafika nawo kunyumba. Chipinda chimodzi chija!"

Gu. Ndodo inagunda pa sitepe.

Koma a Chikhothi mutu unagwira ntchito. Wothamangitsa munthu akanawagwira kalekale, pa minda paja. Uyu ankangotsatira, osapitirira, osatsala. Uku sikuthamangitsa. Uku n'kuperekeza. Ndipo woperekeza mlendo sabwerera yekha, amadikira umuuze.

Anabwerera pakhomo la basi. Anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono kuyang'ana pamene panalibe munthu.

"Agogo, bwererani pano. Mwatiperekeza mokwanira. Kunja kwazizira, ndipo nyumba mwaisiya yokha. Zikomo kwambiri, mwatilandira bwino."

Zii. Injini yokha.

Kenako gu, ndodo inatsika pa sitepe. Khwee, gu. Khwee, gu. Kumka kutali, kulowera kuminda, mpaka osamvekanso.

Dalaivala anakwezanso mbali ya khomo ija, anatseka chitseko. Atayenda pang'ono, mayiwo analimba mtima n'kumufunsa m'chilankhulo chakuno kuti waona ndani. Iye anangoloza chikwangwani choletsa kulankhula ndi dalaivala.

M'mawa mwake nkhani inadzaza khitchini yonse. Wophika wamkulu anati ndi kutopa, ngati kuti wotopetsa anthuyo si iye. Wosenda mbatata anati a Chikhothi anathira kanthu m'fulasiki muja. Koma mayi wochapa nsalu za patebulo, amene anabadwira kumidzi yomweyo, anawakokera kuseri kwa firiji.

"Nyumba zimenezo mumalowa anthu zikwi pachaka," ananong'ona. "Amajambula bedi, amajambula mapoto, n'kutuluka. Palibe amalankhula ndi mwini wake. Inu mwamulankhula. Mumati atani?"

Madzulo ake a Chikhothi anakhala pabedi, nsapato osavula, chakudya chikuzizira m'mbale. Mayiwo anawakhudza paphewa.

"Mukuopabe, abambo?"

"Ndiope chiyani ine?"

"Nanga bwanji simukudya?"

A Chikhothi anayang'ana pawindo.

"Ndikungoganiza. Mdima uja, msewu wonse uja, munthu wamkulu yekhayekha. Kaya anafika bwino."