Manyazi Amene Crispin Anawasiya ku Peckham

Crispin anafika ku London m'zaka za m'ma 1990 ali ndi mutu wakuthwa ndi jekete limodzi lopyapyala. Ankagona pampando m'kanyumba kachinyontho ka achemwali ake, a Miriam, ku Woolwich. A Miriam ankakolopa m'maofesi mpaka manja kung'aluka, kuti mlongo wawoyo amalize koleji ya zamalonda.

M'kalasi palibe ankamuposa. Pomwe zinkavuta ndi pa intavyu ya ntchito. Kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso ndipo sadzitama. Ndiye mzungu akafunsa kuti, "Tatiuza, anzako umawaposa pa chiyani?" Crispin ankayang'ana nsapato zake n'kunong'ona kuti amangoyesetsa. Azunguwo ankamuyesa munthu wobisa kanthu, n'kumutsegulira chitseko kuti azipita. Koma Walusungu, mnzake wolongolola amene ankakhoza mayeso poonera kwa iye, anapeza ntchito asanamalize n'komwe, suti ndi galimoto pamwamba. Crispin akamuona, mtima unkamuwira.

"Achimwene, nzeru muli nazo, vuto ndi kuzolowera basi," anatero a Miriam. "Tiziyeserera Lamlungu lililonse. Ine ndizikhala bwana, inu muzindiyang'ana m'maso."

"Mpaka liti, achemwali? Ndifike pochita imvi ndikuyeserera ndi munthu wa mopu?"

Loweruka lina anakwera basi ya ku Peckham. Kumeneko, pamwamba pa shopu yonunkha nsomba zouma, kunkakhala a Bonface, sing'anga wochokera ku Katete. M'chipindamo munali fungo loti ngakhale ntchentche zinkazengereza.

"Ukufuna chuma, mwanawe? Chikukutsekereza n'chiyani?"

"Manyazi, agogo. Ndichotseni manyazi."

"Imeneyo ndi ntchito yochepa. Koma ine ndilibe dzala lotayako manyazi a munthu. Ukawavula iwe, awavale wina. M'kamwa mwako mukayamba kununkha chovunda, upeze munthu amene amakukonda, umuchititse manyazi pagulu. Fungo litha, iwe ukwera."

"Nanga anthuwo akatha?"

A Bonface anaseka, mano ali bii. "Mwana wokondedwa ngati iwe? Tukula lilime."

Anamucheka kunsi kwa lilime ndi lumo ladzimbiri, n'kupakapo mafuta akuda a m'botolo momwe munkayandama nalimata wakufa. Crispin anameza.

Pa intavyu yotsatira anamuyang'ana manejala mpaka manejalayo ndiye anagwetsa maso. Anadzitama ndi zoona ndi zonama zomwe. Kampani ina ya inshuwalansi inamulemba tsiku lomwelo.

Sipanapite nthawi, fungo linafika. Poyamba linali ngati nyama yogonera, kenako ngati khoswe wofera kudenga. Anatsuka mano mpaka nkhama kutuluka magazi, koma m'lifiti anthu ankatembenukira kukhoma. Mwezi womwewo Walusungu ankakwatira ku Romford. Crispin anapempha maikolofoni, n'kuuza apongozi ndi mpingo wonse kuti mkwati digiri yake ndi yoonera, ndiponso anatchula dzina la mtsikana wina wa kukoleji amene anamusiya ndi mwana. Mkwatibwi analira chokweza. Crispin anatuluka m'kamwa muli mbee, ndipo Lolemba anamukweza pantchito.

Zinapitirira choncho. Mbusa amene anakamulandira ku eyapoti anatukwanidwa pakhomo pa tchalitchi. Chibwenzi chake anachinyoza pamaso pa makolo ake. Chuma chinabwera: nyumba, galimoto, mawotchi. Chonyansa kwambiri n'chakuti sankamvanso kanthu, ankadya n'kukhuta bwinobwino.

Kenako fungo linabwera loopsa, malovu ali achikasu, sabata yomwe ankasankha dairekitala watsopano. Tsoka ilo, kampani ya a Miriam inawatuma kukakolopa ofesi yomweyo. Atamuona mlongo wawo ali pakati pa mabwana, anasiya ndowa, nkhope ili mwee.

"Achimwene! Ndiye mwanenepatu!"

Crispin anakhosomola, n'kulavula chikhololo chonunkha patsogolo pa mapazi awo.

"Pukuta apo. Ndipo uleke kuitana anthu osawadziwa."

A Miriam anamuyang'ana nthawi yaitali. Anagwada, anapukuta, ananyamula ndowa yawo n'kutuluka. Crispin udairekitala anaupeza.

Fungo litabweranso, anafufuza womuchititsa manyazi koma sanapeze. Mlendo sankathandiza, mankhwala ankafuna womukonda. Anathamangira ku Peckham atatseka pakamwa ndi mpango.

"Agogo, anthu atha! Ndibwezereni manyazi anga!"

"Ndikawatenge kuti? Unawagawa wekha, anthu anavala. Koma usandinamize kuti atha. Watsala mmodzi, amene wakhala ukumukonda kuposa onsewo."

Crispin anamvetsa kuti wotsalayo ndi iye mwini. M'mawa mwake, pa msonkhano wa mabwana, anakwera patebulo, anavula zonse, n'kudzithandiza pomwepo akuwayang'ana m'maso mmodzimmodzi. Fungo la m'kamwa linatha. Mutu nawo unapita.

Atamutulutsa kuchipatala, ankapezeka pamsika wa Woolwich, akutola zovunda m'mabini, buluku lili m'maondo, akuuza odutsa kuti iye amaposa onse. Tsiku lina a Miriam anabwera ndi chitenje kuti amufunditse. Anawayang'ana tong'o, osaphethira, n'kuchitaya m'matope akuseka. Iwo anachitola, anachikung'untha, n'kumufunditsanso.

Inu a m'makoleji, khalidwe limene munaleredwa nalo likamakuchedwetsani, liphunzitseni pang'onopang'ono, lizolowera. Kuyang'ana bwana m'maso munthu amaphunzira pa Malamlungu ochepa chabe. Koma dyera likakuuzani kuti muzule manyazi onse kuti mulemere msanga, dziwani kuti umunthu umazukira limodzi, ndipo chotsala n'chinthu chimene ngakhale galu amachilambalala.