Zala za Eliya

Eliya anatola kachewere m'phulusa lamoto ndi dzanja. Anayamba kusenda ali phee.

"Bambo a Rute, mukupsatu!" anakuwa mkazi wake, Eliness.

Eliya anayang'ana chala chake. Chithuza chinali chitatuluka kale, koma sanamve kanthu.

"Musauze munthu," anatero. "Kapitawo akamva, ntchito yatha."

Chinali chaka cha 1955. Mzungu wa esiteti ina kufupi ndi Biriwiri anali atabweretsa makina a petulo ochekera mitengo. Anali olemera ngati thole, ogwira anthu awiri. Eliya ankagwira ku injini. Kunsonga ankagwira mlamu wake Aleck, mlongo wa Eliness. Makinawo ankanjenjemera tsiku lonse. Dzanzi la m'manja mwa Eliya linayamba ngati masewera. Kenako linakhazikika.

Kusamala makina m'mawa uliwonse inali ntchito ya Eliya. M'mawa wina anapukuta utuchi. Anathira oilo. Ananola mano a tcheni lochekera ndi tupa. Chinatsala chimodzi: kukoka tcheni ndi zala kuti amve ngati lakhwepa. Anakoka. Zalazo zinali ngati za munthu wina.

"Alamu, fulumirani!" anatero Aleck akuseka. "Mukusisita makina ngati mkazi wachiwiri. Ndikakunenezani kwa mlongo wanga."

"Ndatha."

"Lalimba tchenilo?"

 Eliya akanangoti, "Takhudzani inu." Koma kapitawo Dyton anali ataima poteropo, fodya ali pakamwa.

"Lalimba," anatero Eliya.

Analiza injini. Mano analowa mu bulugamu. Utuchi unauluka. Atafika pakati pa thunthu, panamveka kuti thapu! Tcheni linaguluka, n'kukwapula Aleck pamkono ngati chikoti.

Eliya anazimitsa injini. Anang'amba malaya ake kuti amange bala, koma mfundo inkamupulumuka. Anamanga ndi mano. Magazi a mlamu wake anadzaza m'manja mwake. Ankawaona, koma kutentha kwake osakumva.

Anthu anamunyamula Aleck pa machira kupita naye kuchipatala cha mishoni. Sanalire. Anangofunsa motsitsa mawu: "Alamu, paja munati lalimba?"

Eliya anatsala ataima pa utuchi wofiira.

Dyton anazungulira makinawo, nawagunda ndi phazi. "Zitsulo za azunguzi n'zosadalirika. Ndikauza bwana kuti tcheni linali lakutha. Mawa ndikupatsa Thomas agwire kunsongako."

Thomas, yemwe ankasenza zipika, anali atangokwatira kumene. Anamwetulira pomva kuti wakwezedwa.

Eliya anamuyang'ana Thomas nthawi yaitali. Kenako anathyola munga pa chitsamba, naupereka kwa kapitawo. Anatambasula dzanja.

"Makina alibe mlandu, akapitawo. Tandibayani apa."

"Wapenga?"

"Bayani."

Dyton anabaya. Kadontho ka magazi kanatuluka. Anabayanso mwamphamvu, maso ali pankhope ya Eliya.

Eliya sanaphethire n'komwe.