Edinah, Agogo Keshav ndi Dzuwa Lothawa

Edinah ankafuna utawaleza. Utawaleza umodzi basi.

Kwawo ku Thyolo mvula inkagwa kawirikawiri. Ikakata, utawaleza unkaima pamwamba pa minda ya tiyi. Edinah ndi anzake ankauthamangira. Ankathamanga m'matope, opanda nsapato.

Koma tsopano Edinah ankakhala ku Dubai. Ku Dubai mvula ndi mlendo wamanyazi. Sabwerabwera.

Kenaka kunagwa matenda a korona. Sukulu inatsekedwa. Hotela ya kuntchito kwa adadi ake inatsekedwa. Kudera lawo la Marina konse kunangoti zii.

Edinah anakhala pakhonde, m'mwamba kwambiri. Anayang'ana kuthambo. Kunalibe ndi kamtambo komwe.

Pakhonde loyandikana nalo pankakhala agogo Keshav. Kwawo kunali ku India. Anabwera kudzaona mwana wawo. Ndege zinaima. Agogo anatsakamira ku Dubai.

"Mwana iwe, wakwinya nkhope bwanji?" anafunsa agogo.

"Ndaupukwa utawaleza, agogo."

Agogo anaseka. Masiki yawo inavinavina pamphuno.

"Utawaleza ndi mnzanga wakale," anatero. "Ndili mnyamata ndinaphunzira fizikisi. Ndinaphunzira za kuwala. M'kuwala kwa dzuwa mumabisala mitundu yambiri."

"Mungandipangire?"

"Uupanga wekha. Mawa ubwere ndi beseni, madzi ndi kagalasi kodziyang'anira."

Koma dzuwa la pakhondepo linali lothawa. Nyumba za ku Marina n'zazitali zedi. Dzuwa linkangosuzumira pakati pa nyumba ziwiri. Likasuzumira, n'kupita.

M'mawa Edinah anabwera ndi beseni. Anabwera ndi madzi. Anabwera ndi kagalasi ka amayi ake.

Dzuwa linafika.

Agogo anaimirira. Anakonza kukhosi. Anagwira chitsulo cha khonde ndi manja awiri.

"Abale ndi alongo!" anayamba agogo.

Edinah anacheuka. Panalibe abale. Panalibe alongo. Panali njiwa imodzi yokha.

Agogo anakamba za kalasi lawo lakale. Anakamba za choko choyera m'manja mwawo. Anakamba za ophunzira awo. Anawatchula mayina mmodzimmodzi. Anakamba, anakamba, anakamba.

Njiwa inauluka. Dzuwa nalo linapita.

"Ayi pepa," anatero agogo. "Mawa, inshallah."

M'mawa mwake Edinah anabweranso. Beseni, madzi, kagalasi.

Dzuwa linafika.

"Abale ndi alongo!" anayambanso agogo.

Tsikuli anakamba za mudzi wawo. Kumudziko kunalibe magetsi. Ana ankawerenga ndi koloboyi. Anthu anati, "Aphunzitsi, pitani mukatilankhulire." Agogo anasiya choko. Analowa ndale. Anakhala phungu wa nyumba ya malamulo.

"Tsiku limene magetsi anayaka, mudzi wonse unavina," anatero agogo. Anapukuta m'maso. Kenaka anakambanso, anakambanso.

Dzuwa linapita.

Edinah anagwira m'chiuno.

"Agogo, adadi amati andale amangolonjeza."

"Iwe Edinah!" anakuwa adadi ali m'nyumba. "Ndinakutuma?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Adadi ako sanalakwe kwenikweni," anatero. "Pakamwa pangapa palibe mabuleki."

"Nanga kunyumba ya malamulo ankakuimitsani bwanji?"

"Kunali mkulu wina wokhala kutsogolo. Ndikatalikitsa, ankaliza belu. Belu likalira, ndinkakhala pansi."

Edinah anangomwetulira.

M'mawa mwake anabweranso. Beseni, madzi, kagalasi. Anabweranso ndi chivundikiro cha poto. Anabwera ndi supuni yaikulu.

Dzuwa linafika.

"Abale ndi..."

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

"Khalas, agogo!" anatero Edinah. "Nthawi yatha. Yalla, tiyeni, utawaleza!"

Agogo anakhala pansi, khwithi! Pakamwa panali yasa. Kenaka maso awo anawala. Phungu uja anachoka. Panatsala mphunzitsi.

"Thira madzi m'beseni," anatero.

Edinah anathira.

"Lowetsa kagalasi m'madzi. Kapendeketse. Kayang'ane dzuwa."

Edinah anakapendeketsa. Madzi anagwedezeka. Pakhoma panalibe kanthu.

"Agogo, zakanika!"

"Dikira. Madzi akhale kaye phee."

Edinah anadikira. Dzuwa linali litayamba kutsetsereka.

Madzi anakhala phee.

Nthawi yomweyo adadi anatulukira pakhomo la khonde. Anali ndi kapu ya tiyi. Mutu wawo unali wadazi, wosalala ngati dzira.

Ndipo taonani! Kufiira, chikasu, kubiriwira. Utawaleza unatera padazi la adadi!

"Adadi, musasunthe!" anakuwa Edinah.

"Chiyani? Ndi chiyani? Ndi mavu?"

"Musasunthe, bambo!" anakuwanso agogo.

Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini. Anayang'ana mutu wa adadi. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Bambo a Edinah," anatero amayi, "chikwatiraneni sindinakuoneni mutakongola chonchi."

Adadi anaima chilili ngati mtengo. Tiyi wawo anazizira. Edinah anasuntha kagalasi pang'ono. Utawaleza unatsika pamutu paja. Unakwera pakhoma loyera. Adadi nawo anauona.

Amayi anamufungatira Edinah.

"Ukununkhiza mvula ya kwathu?" ananong'ona amayi.

"Eya, amama. Ndi matope omwe."

Agogo anasuzumira pamwamba pa chitsulo. Anauyang'anitsitsa utawaleza uja.

"Ophunzira anga oyamba ndinawaonetsa womwewu," anatero ndi mawu apansipansi. "Mawa ndidzakuphunzitsa za mithunzi. Ubwere."

"Ndibwera, agogo," anatero Edinah. "Koma ndinu amene muzithira madzi. Ine ndizikamba za ku Thyolo."