Tinyumba Tofiira ta Pansi pa Mwala

Rhoda anali mwana wosakhazikika. Miyendo yake sinkatopa. Manja ake ankagwira chilichonse.

"Mwana iwe, takhala pansi!" ankatero amayi. Koma kuti? Rhoda anali atathawa kale.

Rhoda ankasirira chinthu chimodzi. Ankasirira mikanda ya mkulu wake, Jenipher. Inali ing'onoing'ono, yofiira psuu! Josephat anaigula kwa Mwenye ku tauni ya Fort Jameson. Josephat ndiye ankafuna kukwatira Jenipher. Mikandayo inkadikira tsiku la ukwati.

Tsiku lina Rhoda anaitenga mobisa.

"Ndingovala pang'ono," anatero.

Anathamangira kukamtsinje kakuseri kwa mudzi wa Mkaika. Ankafuna kudziona m'madzi. Anadumpha mwala. Anadumphanso wina. Kanthambi kanakola ulusi wa mikanda. Ulusi uja unaduka. Mikanda mbwee m'madzi!

"Mayo ine!" analira Rhoda.

Anatola, anatola, anatola. Koma yambiri inalowa mumchenga. Yotsalayo sinakwane m'khosi.

Kunyumba Rhoda anabisa mikanda yotsala. Kudya, ayi. Kukhala, ayi. Mtima unali m'mwamba.

M'mawa uliwonse ankapita kumtsinje. Anayamba kutembenuza miyala kufunafuna mikanda.

Pansi pa mwala woyamba anapeza kanyumba. Kanali kamchenga, kotalika ngati chikhadabo. Aa! Kanyumba kaja kanayenda! Kamutu kakuda kanasuzumira pakhomo. Timiyendo tinatuluka. M'katimo munali kachilombo.

Rhoda anatembenuza mwala wina. Apa panali kanyumba ka timitengo. Anatembenuza winanso. Apa panali ka masamba. Pamalo pamene madzi ankathamanga, kachilombo kena kanatchera kaukonde. Kankakola chakudya chake.

Rhoda anatsikira pomwera ng'ombe. Madzi ake anali amatope. Tinyumba panalibe. Mikanda panalibenso. Anabwerera kumadzi oyera.

Kenaka anatembenuza mwala waukulu. Eee! Tinyumba titatu tofiira psuu! Mchenga apa, mkanda apa. Mchenga apa, mkanda apa.

"Akuba inu!" anakuwa Rhoda. "Mwatenga osapempha!"

Anatola kanyumba kamodzi. Anafuna kukaphwanya. Kachilombo kanabisa mutu m'kati.

Rhoda anaima. Kodi anayamba kutenga osapempha ndani? Manyazi anamugwira. Anabwezera kanyumba kaja m'madzi.

Anathamangira kwa Jenipher.

"Achemwali, ndalakwa. Ndinatenga mikanda yanu. Inamwazika mumtsinje."

Jenipher anasiya kusinja. Anakwiya kwambiri.

"Rhoda! Nanga Josephat ndimuuza chiyani?"

"Pepani. Koma tiyeni mukaone."

Anapita onse awiri. Rhoda anatembenuza mwala uja. Jenipher anawerama. Anayang'ana, anayang'ana. Kenaka anaseka.

"Ha! Tizilomboti tamanga nyumba ndi mikanda yanga!"

"Tiphwanye, achemwali?"

"Ayi. Ndimationa ndikamachapa. Tikakula timamera mapiko. Timauluka ngati tiagulugufe totuwa. Tinyumba timatsala."

"Titsala liti?"

"Kaya. Udikire."

Rhoda anatong'ola maso. "Ine? Kudikira?"

"Iwe amene," anatero Jenipher.

Kalanga ine, kudikira n'kowawa! Rhoda anakhala pamwala. Miyendo inkafuna kudumpha. Iye anaigwira ndi manja. Ukwati unkayandikira. Tinyumba tinatseka makomo. Rhoda anabwera mawa lake. Anabweranso mkuja. Anabwera masiku ambiri.

Tsiku lina amayi anadzatunga madzi. Anamupeza ali chete.

"Kodi ukudwala, mwanawe?"

"Ayi, amayi. Ndikudikira."

Amayi anagwira pakamwa.

Sabata la ukwati linafika. Rhoda anatembenuzanso mwala. Anatola kanyumba. Anasuzumira m'kati. Munalibe kanthu! Kachiwiri, munalibe kanthu. Kachitatunso, munalibe kanthu. Pa udzu panatera kachilombo ka mapiko otuwa.

"Zikomo, amisiri!" anakuwa Rhoda.

Jenipher anatenga ulusi watsopano. Analowetsa mikanda yotsala ija. Pakati anaika tinyumba titatu. Tsopano mikanda inakwana m'khosi ndendende.

Pa ukwati Josephat anayang'anitsitsa.

"Izi zapakatizi sindinagule ine," anatero.

"Amene anazidikira ndi mng'ono wanga," anayankha Jenipher.

Anthu anaimba. Akazi analuluta. Rhoda anali pamphasa, ali phee. Ankangoyang'ana tinyumba tija.

Amayi anamugwira dzanja.

"Mwana iwe," anatero akuseka, "tanyamuka uvine!"