Thiransifoma Yofunda Magetsi Atathima

Izi si nkhambakamwa ayi. Atelala amene amasoka khomo loyandikana ndi shopu ya mayi wina wokonza mawailesi analipo, ndipo iwowo si munthu wothira nkhani mchere.

Mayiyu ntchito anaiphunzira kwa bambo ake, mmisiri amene anthu ankati ali ndi maso m'zala. Thiransifoma ya m'wailesi yopanda dzina kapena nambala ankangoinyamula, kuinunkhiza, kuigogoda ndi chikhadabo, basi n'kutchula mavalavu oyenerana nayo. Mwana wawo akaipima ndi mita, zinkatuluka zomwezo. "Mita yakoyi ndi yoleredwa bwino," ankatero, "sitsutsa akulu." Atamwalira anasiya bokosi la mathiransifoma khumi ndi awiri, onse osalembedwa kanthu.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina woimba gitala atasenza ampulifaya yakale, yoyendera mavalavu, timababu tagalasi tija timafiira tikatentha. Thiransifoma yake yotumiza mawu ku sipika inali itapsa.

"Mavalavu awiriwa ndi otsiriza, mayi, sapezekanso," anatero. "Akapsa, ine kuimba ndasiya. Ndiye Loweruka ndiyenera kuimba pa ukwati wa mwana wanga."

Mayi uja ankadziwa kuti thiransifoma yosayenera imapha mavalavu. M'mawa wonse anakhalira kupima za m'bokosi zija: kulowetsa moto pang'ono mbali imodzi, kuwerenga wotuluka mbali inayo, kuchulukitsa papepala. Yachisanu inayandikirako. Msana unali utawawa. "Iyi ingachite," anadziuza, natenga chitsulo chowotcherera mawaya.

Magetsi anathima.

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo. Makina osokera kuseri kwa khoma anangoti zii. Atelala anabwera kuti adzadandaule monga mwa masiku onse, koma anaima pakhomo.

"Mlongo, mwayatsa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga chikulirachi?"

Onse atatu, ndi woimba gitala yemwe, anatchera khutu. Kunali kulira kwapansipansi, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kenako linabwera fungo la vanishi wotentha. Zonse zinkachokera pansi pa tebulo.

Mayi uja anagwada. M'bokosi munali mathiransifoma amene anali asanawapime, mawaya ali lendelende, osalumikizidwa kulikonse. Anagwira yoyamba. Yozizira. Ina. Yoziziranso. Anapisa dzanja mpaka pansi penipeni, nakhudza ina yadzimbiri.

Inali yofunda, ngati wina wangoisiya kumene kuchokera m'manja.

Ataitulutsa, kulira kuja kunaleka. Woimba gitala anavula chipewa.

Magetsi atayakanso, mayi uja anaipima. Anachulukitsa kawiri, kuopa kudzinamiza. Nambala inatuluka ndendende imene mavalavu aja amafuna, osaposa, osaperewera. Kenako anasenda pepala lokuta yachisanu ija, imene anatsala pang'ono kuikamo. M'kati mwake vanishi wa pawaya anali atang'ambikang'ambika. Moto wochepa wopimira unkadutsa bwinobwino, koma waukulu ukanathetheka n'kupsereza zonse.

Analumikiza yadzimbiriyo mosamala, waya umodziumodzi. Mavalavu anafiira pang'onopang'ono. Mkulu uja atakhudza nsambo imodzi, mawu anatuluka oyera, onenepa, mpaka anthu odutsa mumsewu anaima. Atelala amati chibadwire sanamvepo gitala ikulira chotero.

"Mayi, anakuphunzitsani kusankha chonchi ndani?" anafunsa woimbayo akupukuta m'maso.

"Bambo anga."

"Manja odala amenewo. Amakhala kuti, ndikawathokoze ndekha?"

Mayi uja anayang'ana atelala. Atelala anayang'ana pansi. Bambowo anali atawaika m'manda zaka zitatu zapitazo.

"Ingothokozani pompano," anatero motsitsa mawu.