Makala Onyowa Amadya Mpweya

Marwei anaweruka pamalo oyeretsera madzi cha m'ma 10 usiku, kombi yomaliza yonyamula anthu itapita kalekale. Unali mwezi wa Okutobala, damu litabiriwira ndi ndere, madzi akununkha ngati nsomba yovunda. Ntchito yake inali yokhuthulira matumba a ufa wa makala m'thanki yosakanizira, makala ootchedwa mwapadera aja amene amayamwa fungo ndi poizoni wa ndere madzi asanapite kumipopi.

Koma madzulo amenewo paipi yapansi pa thankiyo inatseka. Anangoisiya. Mabere anali atadzaza, khanda likudikira kunyumba. Anadziuza kuti m'mawa atsikamo n'kuitsegula ndi manja. Madzi a usiku umodzi sangaphe munthu.

Panjira yopita kwawo, pamlatho wa ngalande panaima bambo wina wachikulire, atavala ovolosi yachikale. Nkhope inali bii ndi makala, mpaka m'makwinya. Marwei anapereka moni. M'malo mobweza moniwo, bamboyo anafunsa:

"Phala la mwana ukaphika ndi madzi ati, mdzukulu wanga?"

Marwei anaima. Za mwana anawauza ndani? Mawuwo ankatuluka mobanika, koma chifuwa cha bamboyo sichinkayenda.

"Bwerera. Koma usatsikemo. Kuseri kwa chitseko cha nkhokwe ya makala kuli chitsulo chachitali, ukatokose uli pamwamba. Makala onyowa amadya mpweya..."

Marwei anacheukira kumagetsi a kuntchito. Potembenukanso... palibe munthu! Pansi panangotsala mapazi. Akuda. Onyowa.

Anathamanga kubwerera. Chitsulo anachipezadi, chadzimbiri, chitakutidwa ndi ulusi wa kangaude. Koma iye sanali wongokhulupirira za m'njira. Anamanga kandulo kuchingwe, n'kuitsitsa m'thankimo. Pang'onopang'ono. Isanafike n'komwe pakati... inazima yokha!

Anatokosa ali pamwamba. Kamodzi. Kawiri. Paipi inakhosomola, makala n'kuyamba kuyenda.

Mlonda, VaChikomo, anatulukira ndi tochi akumuseka kuti kodi bambo a kunyumba amuthamangitsa, kapena wayamba kukonda makala kuposa bulangeti. Ataona chitsulocho, kuseka kunathera pakhosi. Anafunsa amene wamusonyeza. Marwei anafotokoza za bambo wa pamlatho, ovolosi yake, ndi kabanikidwe ka mawu.

VaChikomo anavula chipewa.

"Amenewo ndi Sekuru Gwenzi, ankagwira ntchito yanu yomweyi. Chitsulocho anasula okha. Tsiku lina ankathamangira kunyumba, anaona ngati kukachitenga n'kuchedwa, anatsikamo ndi manja. Tinawavuula ndi chingwe atamwalira kale, mayi. Chaka chino n'chachisanu ndi chitatu."

Marwei analanda tochi ija n'kuwalitsa makwerero a m'thanki omwe akanatsika m'mawa. Pa sitepe iliyonse panali phazi lakuda, lonyowa, lolowera pansi. Lobwerera panalibe.